Galimoto Imene Ndinainyoza ku Malindi

Ntchito yanga ndi yogula nsomba pagombe n'kukagulitsa kumtunda. Ku Nkhudzi asodzi amandidziwa, ndipo akandiona ndikubwera amayambiratu kutukwana chamumtima. Njira yanga ndi imodzi. Ndimapita pa beseni la usipa wabwino kuposa onse, ndimapisamo dzanja, ndimanunkhiza, kenako ndimakwinya nkhope ngati ndaponda zonyansa. "Wa dzulo uyu." Ndikatero ndimatchula mtengo wochititsa manyazi n'kutembenuka. Sindiyenda mapazi khumi asanandiitane, chifukwa dzuwa limakhala likukwera ndipo nsomba sidikira munthu. Nyumba yanga ya malata ndinamangira kutembenuka kumeneko.

Nditatopa ndi kukwera matola, madengu anga akupondedwa ndi anthu, ndinaganiza zogula galimoto yanga yoyamba. Sindinathamange. Miyezi ingapo ndinkakhala pagalaja ya makaniko wina kuseri kwa msika, kumugulira tiyi, iye n'kumandiphunzitsa. Anati ndigule kagalimoto kodula kumbuyo, ka zitseko zisanu, koti ukapinda mipando madengu amalowa. Anati injini ikhale ya petulo, yaing'ono, chifukwa ya dizilo ikakalamba matenda ake amakachizidwa ku Blantyre. Anatinso ndisatengeke ndi mtundu wachilendo, ndisankhe umene wadzaza pamsewu, woti chitsulo chikathyoka uchipeza tsiku lomwelo.

"Ndipo ukafike m'mawa, asanailize," anatero. "Ugwire boneti. Ikakhala yofunda, pali chimene akubisa."

Kenako ndinamva kuti ku Malindi kuli mayi wina, nesi wopuma pantchito, amene akugulitsa galimoto ya malemu amuna ake. Ndinapempha alamu anga kuti andiperekeze pa njinga yawo yamoto. Alamuwa anakwatira mchemwali wanga. Ndi telala wa pakhonde, munthu wofatsa, woti ngakhale tomato amagula pa mtengo umene wauzidwa. Ndinkawamvera chisoni.

Tinawoloka mlatho dzuwa lisanawawe. Galimoto tinaipeza pansi pa mtengo wa mango, yophimbidwa ndi lona. Mayiwo anachotsa lonayo okha, n'kuipinda bwinobwino ngati nsalu ya kutchalitchi. Ndinagwira boneti, inali yozizira. Anandipatsa kiyi, ndipo injini inalira kamodzi n'kukhazikika, phokoso lake ngati makina osokera a alamu. Kumbuyo kunalibe utsi. Oyilo anali woyera. Ndinagona pansi n'kusuzumira, dzimbiri panalibe. Ndinakweza kapeti wa kumbuyo, kumene galimoto za kunyanja kuno zimadyekera ndi madzi a nsomba, ndinapeza penti yake yoyambirira. Mayiwo anatulutsanso kabuku kamene amuna awo ankalembamo tsiku lililonse losintha oyilo.

Mtima wanga unkavina. Koma nkhope yanga ili ndi chizolowezi chake, ndipo inakwinyika yokha.

"Amayi, yatopa iyi," ndinatero. Ndinamenya tayala ndi phazi. Ndinalowetsa mutu pawindo n'kununkhiza. "Inkanyamula nsomba eti? Zikuoneka kuti mwini wake sankaisamala."

Alamu anayang'ana pansi. Mayiwo anandiyang'ana m'maso.

"Amuna anga ankaitsuka Loweruka lililonse," anatero. "Ngakhale atayamba kudwala."

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo. Ine ndinaona ngati malonda afika pokoma. Ndinatchula mtengo wanga uja wochititsa manyazi, ndinatembenuka, ndikuwerenga mapazi. Khumi anakwana. Khumi ena anakwana. Nditafika pa njinga ndinayang'ana chakumbali, ndinaona mayiwo akuphimbanso galimoto.

Pobwerera sindinathe kudzigwira. Ndinkakuwa m'khutu mwa alamu njira yonse. "Mwaimva injini ija? Mwaona pansi paja? Alamu, galimoto ngati imene ija simungaipeze kuchokera kuno mpaka ku Liwonde. Mtengo akunenawo ndi wotsika kale, iwo sakudziwa. Muone, masiku atatu sakwana, andiimbira."

"Mukutero?" anatero alamu.

Ndinadikira. Foni ndinkayenda nayo m'manja, ngakhale posamba ndinkaiika pa mwala pafupi. Tsiku lachitatu linadutsa, lachinayi linadutsa. Ndinadziuza kuti azimayi a ku mishoni ya Malindi ndi ouma mutu, ndiwonjezereko sabata.

Lachisanu ndikutuluka mumzikiti, ndikufunafuna nsapato zanga, ndinaiona galimoto ija. Inali itaima pamthunzi, anthu ataizungulira. Poyamba ndinasangalala, ndinkati mayi aja atopa, andibweretsera okha. Kenako ndinaona alamu akupukuta galasi ndi kansalu kotsala posoka.

"Alamu, nchiyani ichi?"

"Galimoto, alamu."

"Ndikuona kuti ndi galimoto. Ndi yanga iyi."

"Inu munati yatopa."

"Ndinatinso simungaipeze ina!"

"Eya, zimenezo ndiye ndinamva bwino. Munanena kangapo."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinasekanso, mano okha. Alamu anafotokoza mosabisa. Anadikira masiku anayi kuti aone ngati ndibwererako. Ataona kuti ndangokhala, anapita okha kukapepesa chifukwa cha pakamwa panga, poti ndi iwo anandibweretsa pakhomopo. Mayiwo anawayalira mkeka, anaphika tiyi, anacheza za malemu. Pamapeto pake alamu anafunsa ngati galimoto ikadalipo. Sananenerere n'komwe. Mayiwo anatsitsa mtengo okha, ati akufuna ipite kwa munthu waulemu.

"Anangopempha chinthu chimodzi," anatero alamu, akupinda kansalu kaja. "Ati inu musadzagwire chiwongolero chake. Ndinalonjeza."

Nsanje ndinkaiona ngati matenda a anthu ena. Chaka chimenecho inandigwira ngati malungo. Ndinkaidziwa injini ija ikadali kutali, ndipo ikamadutsa ndinkapeza chochita kuseri kwa nyumba. Mchemwali wanga, amene moyo wake wonse ankakwera njinga chammbali, tsopano ankakhala kutsogolo, chigongono pawindo, n'kumandikwezera zala ziwiri zokha. Ndinkafunsa anthu mochenjera ngati inawonongekapo. Mvula ikagwa ndinkaganiza za matope a njira ya kwawo, mwina ititimira. Sinatitimire. Pa Idi inanyamula banja lonse kupita ku Namwera, inakwera mapiri aja osatentha, ine ndili pampando wa kumbuyo, dengu la nkhuku pamiyendo.

Mkazi wanga sanandithandize. "Inu mumadziwa kugula zowola," anatero. "Zosawola muzisiyira anzanu."

Ndinapita kukaona galimoto zina zisanu. Ina boneti inali yofunda. Ina kapeti nditakweza ndinaona msewu. Ina inali yabwino ndithu, koma sinali ija, ndiye ndinaipezera chifukwa.

Patapita miyezi, alamu anabwera kwathu m'mawa nkhope ili yakugwa. Ati galimoto yayamba kulira pansi, ndipo asanapite kwa makaniko akufuna ndiimvere kaye, poti ine ndimadziwa. Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma. Ndinagona pansi msanga, malaya anga oyera ndili nawo. Vuto ndinaliona nthawi yomweyo. Kachitsulo kotchinga kutentha kwa paipi ya utsi kanamasuka bawuti imodzi. Ntchito ya sipanala, yosafika ndi mphindi zisanu.

Ndinakhalabe pansipo kanthawi, ndikuganiza. Kenako ndinatuluka pang'onopang'ono, ndikupukusa mutu.

"Alamu, nkhani si yabwino. Injini ikupita iyi. Ine chifukwa cha chibale ndikhoza kukuchotserani mtolowu, musanaluze zonse."

Alamu anandiyang'anitsitsa, ndipo nkhope yawo inayamba kumasuka.

"Alhamdulillah," anatero. "Ndinada nkhawa. Mukananena kuti ili bwino ndikanaopa."

Mkazi wanga anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga sipanala, ndinamanga bawuti ija. Ndinapempha kuti ndiiyendetse mpaka pamsewu pokha, kuti ndimve ngati phokoso latha. Alamu anati lonjezo ndi lonjezo, ndikhale mbali inayo iwo ayendetse.

Galimoto ndinadzagula chaka chotsatira, kwa mphunzitsi wina wa ku Monkey Bay. Ndi ya mtundu womwewo, ya petulo, zitseko zisanu. Imadya oyilo pang'ono ndipo chitseko chakumbuyo chimafuna bondo kuti chitsekeke. Tsiku logula ndinaluma lilime mpaka linatupa. Ndinayamikira matayala, ndinayamikira ana a pakhomopo, ndinayamikira ngakhale galu. Mphunzitsiyo ataona kuti ndaikonda chonchi anakana kutsitsa ngakhale pang'ono, ndipo ndinalipira.

Imayenda, sindikudandaula. Koma tikaziimika pamodzi kumaliro kapena kuukwati, ndimaimika yanga patali pang'ono, kuti anthu asamve injini ziwirizo nthawi imodzi.