Tsiku limene tinaphunzira intaneti ndi choko

Nthawi imene ndinkasamalira odwala maganizo pa kachipatala kathu, kunabwera bambo wina wa tayi kuchokera ku Tete kudzatiphunzitsa kufufuza za matendawa pa intaneti. Kwathu rede, ndiye kuti netiweki ya foni, imagwira pachulu chimodzi chokha, kuseri kwa chimbudzi, nayonso ndi ya ku Zambia. Tinawauza. Iwo anati nsapato zawo si zokwerera chulu.

Ndiye anatiphunzitsa intaneti ndi choko. Anajambula kabokosi pabolodi, nati, "Apa ndi polemba funso lanu." Ife, anthu a ndevu zathu, tinakopera kabokosiko m'makope.

Panja panali mayi wa ku Nsadzo amene anabweretsa mwamuna wake pa njinga. Mwamunayo anali atasiya kudya ndi kulankhula chimwalirireni mwana wawo. Awiriwo anadikira pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Nditapempha kuti ndikawaone, aphunzitsiwo anati wotuluka salandira setifikadu.

Ndinakhala pansi, ndipo manyazi a tsikulo sanandichoke mpaka lero. Setifikaduyo ndikadali nayo, ya chidindo chofiira. Banja lija silinabwerenso, ndipo kabokosi kanga sikanandiuze ngati mwamuna uja anadzayambanso kudya.