Njinga ya Mkulu wa ku London

Ntchito yanga yoyamba ku Bolton, tauni ya kutali kumpoto kwa London, inali ya m'nyumba yosamalira okalamba. Anandipezera ndi azakhali, omwe anali namwino pachipatala, ndipo ndinkagona kwawo. Chingerezi changa chinali cha kusukulu ya kumudzi, chongowerenga m'buku, choncho aliyense akandiyankhula ndinkangovomera n'kumwetulira.

M'chipinda chakumapeto munali mkulu wina wochokera ku London. Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ku Bolton, ndiye miyendo itafooka anakawatenga kuti akhale pafupi. Anzanga a pantchito ankawaseka kalankhulidwe, iwonso sankangokhala chete. "Inu a kumpoto kuno," ankatero, "mumayankhula ngati mwavumata mbatata yotentha."

Ankadzitcha Cockney. Tsiku lina ndikuwameta ndevu, ndinalimba mtima n'kufunsa ngati umenewo ndi mtundu wa anthu.

"Mtundu? Kaya. Ukabadwira pomwe belu la tchalitchi china cha pakati pa London limamveka, ndiwe wathu. Koma msewu wathu anaugumula kalekale, anthu anamwazikana. Nditapitako lero ndingafunse njira kwa mlendo. Chatsala ndi pakamwa pokhapa, mwana wanga."

Pakamwa pawopo panali chiyankhulo cha pamsika. M'malo motchula chinthu ndi dzina lake, ankatchula mawu ena omveka mofanana nalo kumapeto kwake m'Chingerezi. Masitepe anali maapozi ndi mapeyala. Foni inali galu ndi fupa. Akati mbale za nyama zikuwawa, ndiye kuti ndiwakweze mapazi pa pilo. Dokotala ndi manijala ankawayankhula Chingerezi chosalala, chifukwa chinacho ankati n'cha anthu a m'nyumba. Ine anayamba kundiyankhula cha pamsikacho pang'onopang'ono, ndipo ndikamva ankamenya dzanja pabulangete ndi chisangalalo. M'dziko lonse lija munali m'chipinda chimenecho mokha momwe ndinkaseka mokweza.

Ataona kuti ndimafika mochedwa basi ikandisiya, anauza mwana wawo kuti andipatse njinga yomwe inkangokhala m'kanyumba kosungiramo katundu. Manijala anachita kuvomereza polemba, chifukwa sitinkaloledwa kulandira mphatso. Inali yakuda, yolemera, chishalo chake chachikopa chitaphwanyika potsata thupi la mwini wake. Ankapalasa imeneyo kupita kumsika wa nsomba ali ndi mphamvu zawo, ndipo pa katundu yense wa ku London inali yokhayo yomwe anakana kuti itayidwe.

Loweruka lina masana ndinapita m'tauni kukagula nsapato. Ndinapisa tcheni chokhomera mu tayala lakutsogolo n'kumangirira ku chitsulo, monga ndinkachitira kuchigayo kwathu. Sindinaganizeko zoti manati a tayalalo amamasuka ndi zala. Potuluka m'sitolo ndinapeza tayala lokha, lili chilili pa chitsulo paja, loko ili bwinobwino. Ndinazungulira misewu yonse yapafupi nditalinyamula, kenaka ndinakwera nalo basi. Kupolisi ndinakanena, koma njinga sinapezeke.

"Ukawauze Lolemba lomweli," anatero azakhali.

"Azakhali, munthu wamkulu wodwala chonchija?"

"Kuno si kwanu koti utuma amalume akakunenere. Ukanene wekha."

Lolemba ndinalawira pa basi, chipewa cha panjinga chili m'manja. Ndinalowa nacho m'chipinda cha mkulu uja monga mwa masiku onse.

"Nkhalamba yanga ikuyenda bwanji?" anafunsa, kunena njinga ija.

"Ikuyenda bwino, bambo."

"Tcheni wathira oyilo?"

"Ndathira."

Ndinayankha chomwecho masabata atatu. Ndinkadziuza kuti ndikuwasunga mtima, monga tinkachitira kwathu pobisira wodwala uthenga woipa. Koma ndinkaopanso kuti asiya kundikonda. Iwo ankandifunsa za chitunda cha pafupi ndi paki, ngati mabuleki akugwira mvula ikagwa, ine n'kumapeka mayankho.

Kenaka tsiku lina anati, "Mawa uibweretse kuseri kuno pa kapinga, ndiione pawindo. Ndaisowa."

M'mawa mwake ndinatseka chitseko n'kugwada pambali pa mpando wawo.

"Dzuka iwe, muno si m'tchalitchi."

Sindinadzuke. Ndinafotokoza zonse, za tcheni, za manati, za tayala lomwe linali pansi pa bedi langa. Anapukusa mutu n'kuseka pang'ono.

"Masamba a tiyi," anatero. Kwawo akuba amawatcha choncho. "Ali paliponse. Ku London anandiberapo ziwiri, ina pakhomo penipeni pa apongozi. Zachitika dzulo?"

"Papita masabata atatu, bambo."

Maso awo anapita pa chipewa chomwe ndinachiika patebulo.

"Nanga oyilo uja unkathira pa chiyani?"

Anatembenukira kuwindo, ndipo patapita kanthawi anandipempha kuti ndiwapatse madzi akumwa. Anapempha mwaulemu, m'Chingerezi chomwe ankayankhulira dokotala.

Sanakandinenere kwa manijala, ndipo mwana wawo anamuuza okha kuti asandivute. Ndinawasamaliranso miyezi isanu. Ndinkawasambitsa, kuwameta, kuwaveka masokosi. Ankathokoza pa chilichonse. Kangapo konse ndinayesa kuyambitsa ndekha, ndikufunsa ngati mbale za nyama zikuwawa. Ankayankha kuti mapazi awo ali bwino, zikomo.

Nditapeza malo a sukulu ku Sheffield ndinapita kukatsanzika mkulu uja. Anandipatsa dzanja, lopepuka ngati pepala.

"Wagwira ntchito bwino. Ukaphunzire mwakhama."

Ndinaima pakhomo kudikira ngati awonjezera kanthu. Anandipempha kuti potuluka ndisiye chitseko chotsekula.