Atsibweni Anapatulira Marozi

Boma litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, linanyamula mafaelo, matebulo, makalaliki ndi atsibweni anga. Atsibweniwo ananyamula ine, poti panalibe wina wondifuna. Ndinali nditangosiya koleji. Mawu akuti kusiya ndi anga. Akuluakulu a kolejiyo anali ndi mawu awoawo, amene ndimawalemekeza koma sindiwagwiritsa ntchito.

Kwathu mwana wa mlongo ndi katundu wa atsibweni ake, choncho iwo sakanandikana. Koma akazi awo, amene ndinkawaitana kuti anti, mwambo umenewo sunkawamanga. Anali ndi abale awoawo osirira kachipinda kakuseri kwa nyumba yatsopano ya ku Area 14, anyamata omaliza sukulu mwaulemu. Chimene chinandipulumutsa ndi marozi. Anti anali mphunzitsi, ndipo kusamutsidwa kwawo kunali kusanatheke. Anayenera kubwerera ku Zomba mpaka sukulu zitatsekera Khirisimasi, ndiye pankafunika munthu wopanda chochita woti azithirira. Pa ntchito imeneyo ndinalibe mpikisano.

Tinabwera pa lole nthawi yozizira, ine ndi marozi kumbuyo. Marozi anali m'zitini za palafini, atafunditsidwa ziguduli zonyowa. Ine sanandifunditse.

Titaoka kumaso kwa nyumba, anti anandigwaditsa pansi n'kundionetsa mfundo yotupa imene inali pa tsinde lililonse, pafupi ndi dothi. Anati marozi amenewa ndi omezanitsa: kumwamba kwa mfundo ndi duwa lenileni, kumunsi ndi rozi lakutchire lobwereketsa mizu chabe. Mphukira iliyonse yotuluka kumunsi kwa mfundo ndi mbala, ndiziithyola isanakule. Atsibweni sanamve zimenezi. Anali m'nyumba kulimbana ndi wailesi.

"Ndikadzapeza limodzi lafa," anatero anti akukwera basi, "udzalitsatira."

Ndinayamba ntchito. Yadi inali katondo yekhayekha wosakanikirana ndi zidutswa za njerwa, ndipo mtengo wamthunzi woyandikira unali m'mapulani a boma. Marozi anali mitundu inayi, ndipo posakhalitsa ndinawadziwa kuposa mmene ndinkadziwira aphunzitsi anga. Lofiira, loderako ngati chiwindi, anti analipempha kwa asisitere. Fungo lake linkafika kumsewu, koma linali bwana wamkulu: duwa limodzi, mochedwa, kenaka tchuthi. Lachikasu linasiyidwa ndi mkazi wa mzungu wina wobwerera kwawo. Linkabereka osapuma ngati kalaliki wofuna kukwezedwa, fungo ayi, ndipo nsabwe za m'masamba zinkachitira msonkhano pamenepo. Loyera linkamasula timagulu ting'onoting'ono, n'kukhala loyera mpaka malole a njerwa opita ku Kapitolo, kumene ankamanga maofesi a boma, atayamba kudutsa. Kufika masana linali litasanduka mtundu wa msewu. La pinki silinkadandaula chilichonse, n'chifukwa chake palibe ankaliyamikira.

Mu Okutobala marozi onse anatsala pang'ono kupita. Ku Zomba anazolowera nkhungu yotsika m'phiri, kuno anapeza dzuwa lopanda wolitsekereza. Masamba anapsa m'mbali, nthambi zinaonda. Madzi akasiya kutuluka pampopi ndinkatenga otsukira mbale, nthawi zina anga osamba. Ndinaphimbira pansi ndi udzu, chiswe chinabwera kudzathokoza, ndinachotsa udzuwo. M'mawa uliwonse ndinkakanda khungwa ndi chikhadabo kuona ngati mkati mukadali mobiriwira, chifukwa mmenemo ndi mmene munali bedi langa. Kumudzi kunkandidikira khasu, ndi anthu onse amene anandiperekeza ndi nthungululu popita ku koleji.

Mvula yoyamba itangogwa kunachitika maliro kwathu, mbali ya ku Dedza. Tinapita ndi atsibweni, iwo n'kubwerera mawa lake chifukwa cha ofesi. Ine amayi anandigwira kuti ndithandize kubzala, poti ndinalibe ofesi yonamizira. Za koleji anali asanamve, ndipo ine sindinaziyambitse. Sindinade nkhawa kwambiri. Mvula inali kuthirira m'malo mwanga.

Nditabwerera patapita milungu ingapo, ndinaima pageti, chikwama chili m'manja. Marozi anali atatalika kufika m'chiuno, obiriwira ngati fodya wa mwini esiteti, nthambi zazitali zowerama, timasamba ting'onoting'ono, minga yambiri. Onse anayi anali ofanana. Ndinagwada n'kufukula dothi ndi zala. Mfundo panalibe. Panali chitsa chodulidwa bwino, mopendeketsa, ndi dzanja la munthu wodziwa mpeni.

Atsibweni anatuluka pakhonde akumwetulira. Anafotokoza kuti Loweruka lina anayendera munda n'kupeza phando lililonse lili ndi mbewu ziwiri, ina yonenepa yochokera pansi, ina yoonda, yopsa, yokhala ndi chotupa patsinde. Mlimi aliyense amadziwa chochita. Anapatulira monga tichitira ndi chimanga: kusiya champhamvu, kuchotsa chofooka. Zodwalazo anazitaya kudzala n'kuzitentha kuti matenda asafale.

"Mphwanga," anatero, "zina sizifuna koleji."

Ndinavomereza kuti sizifuna.

Munthu amene anakulipirira sukulu, n'kuisiya iwe, sumuuza kuti walakwitsa. Ndinayesa kuzungulira. Pa chakudya ndinatchula kuti maluwa ena ali ngati mango omezanitsa. Iwo anati mango abwino ndi a ku Salima. Tsiku lina ndinati n'zodabwitsa kuti palibe rozi limene likuonetsa duwa. Anati chimanga nachonso sichiyamba ndi ngaiyaye, ndidekhe. Madzulo akaweruka ankaima pakati pa zitsambazo manja ali kumbuyo, ndipo anzawo a ku ofesi akabwera ankawaonetsa.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Old Town kukafuna marozi ena oti ndilowetse m'malo mwake. Kumsika anandionetsa mbande za kabichi. M'mayadi a ku Area 3 marozi analimo, ndinkawaona pamwamba pa mipanda, pamodzi ndi agalu. Mlonda wina anandimvera chisoni n'kundithyolera kanthambi, koma kanthambi sikamasula duwa pofika Khirisimasi. Ndinaganiza zonamizira chiswe, koma chiswe sichidula mopendeketsa. Ndinaganiza za mbuzi. Ku Area 14 kunalibe mbuzi. Boma linali litaonetsetsa.

Anti anafika masana, sukulu zitatsekera. Ndinawalandira chikwama pamsewu, ndipo ndinayenda patsogolo pawo motambasula mapewa, ngati kuti munthu woonda angabise munda. Atsibweni sanawalole n'kukhala pansi komwe.

"Mayi, musanamwe madzi, bwerani muone minda ya ku Lilongwe."

Anti anayenda kuchokera pa loyamba kufika pa lomaliza. Anagwira tsamba, analitembenuza. Kenaka anakwinya chitenje, anagwada, n'kulowetsa chala m'dothi pamene panali lofiira la asisitere. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kunyumba yoyandikana nafe munthu wina ankakhoma denga, ndipo ndinkamva msomali uliwonse.

"Wadula ndani?"

Atsibweni anali atatsegula kale pakamwa kuti alandire ulemu wawo. Ndinaona mawuwo akufika pamilomo, akuona nkhope ya anti, n'kubwerera. Anakonza kolala. Anayang'ana cha ku Kapitolo, kumene kunali ntchito zikuluzikulu za dziko.

"Wosamala maluwa pakhomo pano ndi mnyamatayu," anatero.

Sananame. Anti anatembenukira kwa ine akadali chogwada. Ndinkadziwa zimene mwana wa mlongo woleredwa bwino amachita pamenepa: amawerama, n'kunena kuti pepani, n'kusenza. Ndinkadziwanso kuti ndikasenza, mawa ndili pa basi. Ndinafunafuna mawu oti asakhale bodza komanso asakhale chala cholozera munthu, ndipo ndinaganiza kuti ndawapeza.

"Ine ndinali kumaliro, anti."

Anti anadzuka pang'onopang'ono, anasasa dothi m'mawondo, n'kuyang'ana amuna awo. Sanakweze mawu. Anangofunsa ngati mpeni wake unali wakukhitchini kapena wa m'thumba, chifukwa wakukhitchini akufuna aziubisa. Atatero analowa m'nyumba. Madzulo anandiikira ndiwo zambiri kuposa masiku onse, ndipo anandifunsa mmene lachikasu linkachitira ndi dzuwa. Ndinayankha mwatsatanetsatane, ngati mboni ya boma. Atsibweni anadya osadzutsa mutu.

Ndinagona ndikudziyamikira. Ndinali nditaiwala kuti m'nyumbamo munthu amene ankandifuna sanali anti.

M'mawa atsibweni anandiitana pakhonde, atavala kale tayi. Anati akhala akuganizira za mlongo wawo. Udzu wakula m'munda, iye ali yekha, ndipo si bwino mnyamata wamphamvu kukhala m'tauni kulondera maluwa amene kulibe. Anayankhula mofatsa, akuyang'ana nsapato zawo. Anti anali pakhomo lakukhitchini, anamva zonse, koma nkhani ya munthu ndi mwana wa mlongo wake mkazi salowererapo. Anandikulungira buledi m'pepala.

Atsibweni anandiperekeza okha mpaka kudepoti ya ku Old Town, ulemu umene sindinauyembekezere. Anadikira mpaka nditapeza mpando wa pawindo. Basi italiza injini anayandikira, ndipo ndinatsitsa galasi poganiza kuti pali mawu.

"Ukapereke moni kwa amayi ako," anatero. "Za koleji ndidzawafotokozera ndekha. Iwe umafotokoza zinthu moipa."