Achimwene pa Foni ya Eni Ake

Achimwene anga anali munthu wa tayi. Ngakhale popita kukagula makala ankayamba apisira malaya. Anali mkulu wa mpingo ku Chelstone mu Lusaka, ndipo akaima kutsogolo sankafuna maikolofoni. Ndiye sitiroko itawagwetsa, mkono ndi mwendo wakumanja n'kuuma, pakamwa n'kupotoka, analamula chinthu chimodzi ndi lilime lawo lolemeralo: munthu wa kutchalitchi asawaone. Wofunsa aliyense tizimuuza kuti apita ku Chipata kukapuma. Tinanama choncho miyezi ndithu, ndipo katswiri wa bodzalo ndinali ine.

Alamu anga anamwalira kale, choncho m'nyumbamo anatsala ndi mwana wawo wamkazi, mtsikana wofatsa mpaka kukwiyitsa. Iye anali atalembetsa maphunziro osamalira odwala ndi okalamba pa kakoleji kena ka m'tauni, ka masiku ano kaja koti mphunzitsi ali mu foni, wophunzira ali pa mpando kwawo. Ine sukuluyo ndinkaiseka. Munthu ungaphunzire bwanji kutembenuza wodwala uku ukungokanda galasi ndi chala? Koma inatikomera, chifukwa ankaphunzira ali pafupi ndi bambo ake. Za kusamba tinakonza bwinobwino: bambo wina woyandikana nawo nyumba ankabwera m'mawa kudzawathandiza. Kwathu mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, ndipo si nkhani yoti n'kukhalira pansi.

Ine ndimakhala ku Kabwata, ndimagulitsa zitenje m'kashopu m'tauni. Tsiku lina masana kunalowa mayi wina wa mpingo wa achimwene, mtsogoleri wa azimayi. Sanayang'ane n'komwe zitenje. Anangondiika foni pamphuno.

"Ba sister, si ba elder aba? Nanga si munakamba ati bali ku Chipata? Mwana wanga ali class imozi na mwana wabo. Iyi video inachokela mu group yabo."

Ndinaona bedi lomwe ndimalidziwa, ndi katani lomwe ndinasoka ndekha. Ndinaona achimwene atagona chagada, thaulo m'chiuno, nthiti pamtunda, dovu likutsikira pachibwano. Pambali pawo panali mwana wawo atavala magolovesi, akuwatukula mkono wakufawo, akupukuta m'khwapa, uku akufotokoza m'Chingerezi chilichonse chimene akuchita. Nkhope yonse inali poyera. Ndinakhala pa belo la zitenje.

"Kuchechi bonse baiona," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Bazimai balila."

Ndinatseka shopu dzuwa likuswa mtengo. Mu minibasi ya ku Chelstone ndinkayankhula ndekha, mpaka kondakitala anaopa kundifunsa kotsikira. Ndinapeza mtsikanayo akuyanika mashiti, ndipo ndinayambira pageti pomwepo. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda. Ndinamufunsa kuti ndi sukulu yanji yovula bambo ake pamaso pa dziko lonse.

"Ba aunty, ni practical," anayankha, kunena mayeso ochita ndi manja. "Ba lecturer banakamba ati aliyense asakile muntu panyumba, amusambike, afake video mu group. Banzanga banasebenzesa bang'ono babo, benze chabe kuseka. Ine ninaona ati nili na odwala ba zoona. Sininaganize za nkhope."

"Nanga bambo uja amawasambitsa uja ali kuti?"

"Banapeza nchito ya ulonda ku Kabulonga, kudala. Kuchokela apo nine nibasambika. Ba daddy banakana ati nisakuuzeni."

Apa ndiye ndinadzidzimuka kachiwiri, kuposa poyamba. Mwambo umene ndinabwera kudzautetezawo unali utasweka kalekale, m'mawa uliwonse, mwakachetechete, ndi beseni la madzi ofunda. Koma mkwiyo wanga ukanyamuka suima msanga. Ndinalowa nawo kuchipinda, n'kuwakhuthulira achimwene zonse: kuti Chipata yathu yatha, kuti mpingo wonse wawaona ndi thaulo lokha. Mtsikanayo anali pakhomo, atagwira pakamwa. Anali asanawauze.

Achimwene anatembenuzira nkhope kukhoma. Diso lakumanzere linatulutsa msozi, linzake lili gwa. Ndinalakalaka mawu anga ndikanawameza. Kenako anayamba kulimbana ndi lilime, ndipo mawu amene anatuluka sanali amene ndinkayembekezera.

"Wa... pasa?" anafunsa mwana wawo za mayeso aja.

Mtsikanayo anagwetsa misozi. "Iyai, daddy. Ba lecturer baikana. Bakamba ati odwala sibafunika kuoneka nkhope, baichosa na mu group. Bati nitume inangu pa Friday. Nikalepela, nizabwelela course yonse."

Ndiye kuti manyazi onsewa anali aulere. Ulemu wa achimwene unapita, ndipo mwanayo mayesowo sanakhoze. Ndinatsegula pakamwa kuti nditukwane kolejiyo, mphunzitsi wake ndi mafoni onse a mu Lusaka, koma achimwene anamenya matiresi ndi dzanja lawo lamoyolo.

"Leta manzi," anauza mwana wawo. Kenako anandiloza ine. "Iwe. Gwila foni."

Ine, mlongo wawo, amene kufikira tsikulo ndinali ndisanawaonepo ngakhale atavula malaya. Ndinafuna kukana, koma kukana kwake kunalibe poyambira. Ndinaigwira foniyo ndi manja awiri, ndikuonetsetsa kuti ikujambula kuyambira m'khosi kupita mmunsi. Mwana uja anapima madzi ndi chigongono, anawapempha chilolezo asanawakhudze, ankafunditsa mbali imodzi akamasambitsa inayo. Manja ake sankanjenjemera. Anga ndiwo ankagwedeza chithunzi, mpaka anandiuza kuti nditsamire khoma.

Tili mkati, pageti panamveka kugogoda, kenako mawu a azimayi akuyamba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ndinazimitsa foni. Ndinanong'oneza kuti ndipita ndikawauze kuti wodwala wagona.

Achimwene anapukusa mutu. Anauza mwana wawo amalize kaye kumapazi, ndipo ine anandiyang'ana mpaka ndinayatsanso foni. Titamaliza, atavala malaya oyera, analoza chitseko cha wadiropu ndi chibwano.

"Tayi," anatero. "Ija ya blue. Manje basegulile."