Kumbuyo kwa Woimbidwa Mlandu

Pakhomo pa nyumba yoonetsera vidiyo, kumsika wa pa Boma lina la kumpoto, pamakhala mayi ena achikulire ogulitsa zitumbuwa. M'katimo salowamo. Mafilimu amangowamvera pa sipika yopachikidwa panja, koma anthu akamatuluka, iwo ndiwo amayamba kuweruza, ndipo ukawatsutsa amakupatsa chitumbuwa chopserera.

Pali kafilimu kena ka mlandu wakupha komwe anyamata amadana nako. Amati mulibe nkhonya, anthu angokhalira kulongolola m'khoti. Mayiwa amakakonda chomene, koma pali chimodzi chimene chimawawawa. Kakatha, amafunsa otuluka kuti, "Kumbuyo kwa woimbidwa mlanduyo kunakhala ndani?" Akamva kuti kunalibe munthu, amapukusa mutu. "Mbwenu filimu yawonongeka. Munthu ameneyu anachita kugwa kumwamba?"

Chaka chatha Louis, mphunzitsi wochokera ku Nsanje yemwe amagula zitumbuwa zawo, anamangidwa pomuganizira kuti anagulitsa mabuku a sukulu. Kwawo n'kutali, ndipo anzake akuntchito onse anapezeka kuti atanganidwa. Tsiku la mlandu Louis atacheuka m'khoti, anaona mayi aja pa benchi ya kumbuyo kwake, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Tsikulo zitumbuwa sanaphike.

Pa nthawi yopuma Louis anawayandikira, misozi ikulengeza.

"Amama, simunandifunse n'komwe ngati ndinabadi."

Mayiwa anamukonza kolala ya malaya.

"Zofunsazo ndi za a majisitireti, mwana wane. Ine ndabwera kuti ukacheuka upeze munthu."