Galimoto Ikadali M'chikuta

Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, linatinyamulanso ife pamodzi ndi mipando ya m'maofesi. Amuna anga ankagwira ntchito m'boma, ndipo tinapatsidwa nyumba ku Area 15. Ku Zomba malo anali ndi mayina, koma kuno ukafunsidwa kumene umakhala unkayankha nambala ngati mkaidi. Mzinda wake unali wa misewu yotakata yodutsa m'tchire, ndi fumbi lofiira lolowa mpaka mu shuga. Kupita kumaofesi atsopano unali ulendo, kupita kumsika ku Old Town ulendo winanso. Amene anaujambula mzindawu ayenera kuti ankaganiza kuti Amalawi timabadwa ndi matayala.

Ndiye amuna a m'dera lathu anagwidwa matenda a galimoto. Loweruka masana ankasonkhana kwa aneba athu, bambo wina wa ku Mpoto amene Lamlungu anali mkulu wa mpingo, masiku ena onse mkulu wa injini. Ankatsegula maboneti n'kuweramira m'kati mwakachetechete, ngati anthu oona nkhope pamaliro. Akaweramuka mkangano unkabuka. Wina ati zachifalansa ndizo zolimba pamsewu wafumbi, wina ati zachingerezi ndizo zaulemu, ndipo onse ankagwirizana kuti zachijapani ndi zitini chabe. Amuna anga analibe ngakhale njinga yakapalasa, koma pamkangano ankawagonjetsa onse.

Masiku amenewo, ukamvera ogulitsa, galimoto iliyonse yogulitsa mu Lilongwe inali ya mzungu wina wamkazi, wokalamba, amene ankangopita nayo kutchalitchi. Mayi ameneyu sindinamuonepo, koma anali ndi magalimoto ambiri zedi, ndipo ankakonda kupemphera. Tsiku lina gulu lonse linaperekeza amuna anga ku galaja ina ya ku Old Town. Anamenya matayala ndi nsapato, ananunkhiza oyilo, anaika makutu pa boneti, n'kubwerera ndi imodzi mwa galimoto za mayi uja, yobiriwira. Injini yake anali atangoikonza mwatsopano, choncho makaniko anawalangiza kuti kwa kanthawi aziyenda nayo pang'onopang'ono, osaisenzetsa katundu, mpaka zitsulo zizolowerane. Malangizo onsewo amuna anga anawamva, kupatula mawu oti kanthawi.

Mwezi womwewo ndinali nditangobereka mwana wathu woyamba, wamwamuna. Kwathu khanda likabadwa limayamba lakhala m'chikuta, m'nyumba ndi mayi ake, osatuluka kunja, osagwiridwa ndi munthu wamba, mpaka mchombo utagwa. Wathu mchombo unagwa, anatuluka. Koma amuna anga anawabwereka mawuwo. Mnzawo wina atapempha kuti ayiyendetseko galimoto ija, iwo anati, "Ayi achimwene, iyi ikadali m'chikuta." Gulu lonse linafa nalo phwete, ndipo munthu amene wasekedwa bwino kamodzi salekanso nthabwala yake. Mipando anaikuta mapulasitiki. Pagalasi lakumbuyo anamatapo pepala la Chingerezi lopempha onse obwera m'mbuyo kuti angowapitirira, ndipo anthu ankapitiriradi, apanjinga omwe. Mwana akalira ankati akulimbitsa mapapo. Injini ikatsokomola kamodzi, tsiku limenelo chakudya chinkabwerera m'mbale.

Kenaka tinalandira uthenga woti apongozi anga akubwera kudzaona mdzukulu. Anali amasiye, a kumapiri a ku Dedza, ndipo mwana wawoyu anamuphunzitsa sukulu ndi khasu basi. Moyo wawo wonse anali atakwerako basi ndi lole, galimoto yaing'ono ayi. Ndinamva pambuyo pake kuti mudzi wonse anali atauuza kuti ku Lilongwe akakwera ya mwana wawo, ndiponso akakhala kutsogolo.

Tinakawachingamira kudepoti, kutsidya kwa mlatho, ine mwana ali kumsana. Anatsika basi atavala chitenje chatsopano, ndi katundu wa mdzukulu: kathumba ka ufa, mphika wadothi, ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo. Atamuona mwana anamulandira ndi manja awiri. Ataiona galimoto analulutira, navinanso pang'ono pafumbipo, anthu akuona. Anaisisita pachitseko ndi chikhato. Amuna anga anatulutsa kampango m'thumba n'kupukuta pamene panagwiridwapo. Ankaganiza kuti achita mobisa, koma amayi awo anaona.

"Amayi, inuyo lowani," anatero, akuyala nyuzipepala pansi popondapo. "Koma katunduyu ayi. Tipeza wa wilibala atibweretsere."

"Chifukwa chiyani?"

"Galimotoyi ikadali m'chikuta."

Amuna anga anadikira kuti tiseke. Kudepoti kunalibe gulu lawo la Loweruka.

"M'chikuta," anatero apongozi, pang'onopang'ono. Anayang'ana nyuzipepala ija, kenaka mapazi awo. "Pepani abambo, sindinauzidwe. Ine ndimati mdzukulu ndi mmodzi, kani alipo awiri."

"Ndi nthabwala chabe, amayi. Lowani."

"Iyayi. Khanda silibereka agogo ake. Lingathyoke msana."

Anapinda nkhata, n'kudzitwika ufa uja, mphika m'manja, ulendo. Ine ndinatola nkhuku zija n'kuwatsatira, ndipo sindinacheuke. Tinawoloka mlatho, n'kukwera mtunda wonse uja dzuwa lili paliwombo, galimoto ikukwawa m'mbuyo mwathu, mwini wake atatulutsa mutu pawindo akuchonderera. Ubwino wake liwiro limenelo inali italizolowera kale. Anthu m'mbali mwa msewu ankaima kuonerera amayi awiri osenza katundu akuperekezedwa ndi galimoto yopanda kanthu. Mwina ankati ndi mwambo wa anthu ochokera ku Zomba.

Kunyumba apongozi sanakalipe. Akanakalipa zikanatha tsiku lomwelo. Iwo anasankha ulemu. M'mawa uliwonse akamusambitsa mdzukulu ankatuluka, n'kukaima patsogolo pa galimoto, manja kumbuyo. "Wadzuka bwanji wamng'onoyu? Wayamwa?" Nkhuku imodzi anatiphera, inayo anakaimangirira kuchitsulo cha kutsogolo kwa galimoto, ati mphatso ya wakhanda, poti sibwino kukondera adzukulu. Nkhukuyo inalumphira pa boneti n'kusiyapo moni wake. Aneba athu a ku Mpoto atabwera kudzawalonjera, apongozi anawafunsa ngati iwo ndiwo anali azamba. Tsiku lobwerera anapita kudepoti wapansi, ine ndikuwaperekeza.

Kunena zoona, masiku oyambawo ndinkakondwa. Amuna anga ankati, "Asiyeni, mtima ukhala pansi." Sunakhale pansi. Pepala lija linachoka pagalasi, mapulasitiki anang'ambika, galimoto inayamba kunyamula simenti, makala, mbuzi za paukwati wa abwana awo, ndi anzawo oledzera. Ndinganene kuti Lilongwe yense anaikwera. Apongozi akabwera, mwana wawo ankawatsegulira chitseko cha kutsogolo, iwo n'kuchilambalala.

"Akadzatuluka m'chikuta mudzandiuze."

"Anatuluka kalekale, amayi."

"Ine sindinaitanidweko."

Tikapita kumudzi zinali chimodzimodzi. Ana a mudzi wonse ankakwezedwa kuzungulira bwalo, azakhali, ngakhale asing'anga, koma apongozi ankakhala pakhonde akusenda mtedza. Apa kukondwa kwanga kunatha. Ndinkaona amuna anga tikamabwerera, atangoti maso pamsewu njira yonse, munthu woti pa nkhani ya injini sankapuma. Zinkawapweteka kwambiri, ndipo zinayamba kundipweteka nanenso. Ndinawauzapo kuti kungogwada n'kupepesa sikuthyola bondo. Iwo ankati anapepesa kale, kutanthauza kuti anatsegula chitseko. Mayi ndi mwana, mitu yawo inali yofanana kuuma.

Mwana wathu anali atayamba sukulu pamene uthenga unafika kuti apongozi adwala kwambiri. Inali nthawi yadzinja. Tinanyamuka m'mamawa, ndipo titasiya tala amuna anga anaiponya galimoto ija m'matope ngati ya eni. Miyala inkagunda pansi, chitsulo cha utsi chinathothoka n'kutsala m'njira, iwo osaima n'komwe. Tinawapeza apongozi ali gone pamphasa, atatha ngati si iwo. Tinawanyamula n'kuwagoneka pampando wakumbuyo, mutu pamiyendo panga. Mphamvu zokanira analibe. Achibale anabwera ndi katundu wa kuchipatala, mphasa, miphika yamwaye, mtolo wa nkhuni, ndipo anaima akuyang'anana, poti mbiri ya galimotoyi ankaidziwa. Amuna anga anati, "Ikani. Ikani zonse, paliponse."

Titafika pa tala anaiponda mafuta mpaka injini inkalira ngati chigayo. Apongozi anatsegula maso. Anayendetsa chikhato pampando paja, pang'onopang'ono, ngati mmene anachitira pachitseko kudepoti.

"Ndiye uyu mwana uja?" anandifunsa.

"Ndi yemweyo, amayi."

"Wakula. Akubereka bwino." Anapuma kaye. "Auzeni bambo akewo achepetse liwiro. Ulendo woyambawu ndiumveko kukoma."

Sindinafunike kuwauza. Ndinaona phazi likuchoka pa mafuta, mapewa awo akugwedezeka, misozi ikutsikira m'kolala, osaipukuta. Tinayenda liwiro lija la m'chikuta, limene linkandipsetsa mtima zaka zonsezo, ndipo tsiku limenelo ndinkafuna msewu utalike. Malole ankatipitirira akuimba mahutala. Pachitunda china wapanjinga anatipitirira, natiyang'ana modabwa. Apongozi anapempha kuti ndiwadzutse pang'ono aone panja, ndipo ankatchula midzi imene tinkadutsa, ati akawauze anzawo kuti anaiona ali m'galimoto ya mwana wawo.

Sanakawauze. Ulendo wobwerera kumudzi anapita pa lole ya kuntchito kwa amuna anga, chifukwa bokosi m'galimoto yathu silikanalowa.