Mikono Yonse M'thumba Limodzi

Pamsewu wa masitolo a nsalu, kuseri kwa shopu ya wokonza mawotchi, panali kachipinda ka zenera limodzi momwe munkasoka mayi wina amene aliyense ankamutcha Mayi Patani. Oyamba kumupatsa dzinali ankafuna kumuseka, koma mwini wake analilandira ndi manja awiri. Matelala anzake ankadula nsalu ndi maso: tepi, choko, sizasi, basi. Iye ankasoka potsata mapatani akale a pepala, aja a m'maenvulopu okhala ndi zithunzi za akazi a ziuno ngati mavu, ndipo anali nawo mazana awiri ndi khumi ndi anayi m'masutikesi atatu pansi pa tebulo lodulira.

Asanu ndi awiri oyamba anamusiyira telala wachikulire yemwe anamuphunzitsa ntchito. Enawo anawatola pang'onopang'ono kwa zaka makumi atatu, m'masitolo otsekedwa, m'nyumba za anthu osamuka, ndi pamsika wa zinthu zakale pomwe wina ankafuna kukulungira nawo misomali. Akamva kuti mayi wakuti wamwalira ndipo anali ndi makina, ankapita kukapepesa ndi mtima woona, koma tisabise, diso limodzi linkasuzumira pansi pa bedi.

Tsono mapatani akalewo ali ndi khalidwe lawo. Mu envulopu mumakhala zidutswa za pepala lopyapyala ngati khungu la anyezi: cha kutsogolo, cha kumbuyo, mkono, kolala, lamba. Pa akale enieni sipalembedwa kanthu, pamangokhala timabowo. Chimene chimakuuza kuti chidutswa ichi n'cha diresi liti, cha saizi yanji, ndi envulopu yake, makamaka kumbuyo kwake komwe zidutswa zonse zinajambulidwa, ndi kapepala ka malangizo kam'kati. N'chifukwa chake Mayi Patani anali ndi malamulo awiri: maenvulopu awiri satsegulidwa nthawi imodzi, ndipo pepala lakale sililembedwa kapena kubayidwa pini. Ankaliyala, n'kulipsinja ndi timiyala tosalala, n'kujambula kope lake pa pepala la khaki, kenako n'kulibweza kwawo. Kasitomala wachangu ankamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngati sangadikire, matelala ndi ambiri mumsewumu.

Woyamba kuloweza malamulowa anali mng'ono wake. Makolo awo atamwalira, Mayi Patani ndiye anamulera, kumulipirira sukulu, kumuphunzitsa kupalasa makina. Mng'onoyo anakula wokongola, wapakamwa pokoma, wodana ndi kukhala pansi nthawi yaitali. Kusoka kunamutopetsa, anayamba kugulitsa zovala zosokasoka. Komabe masana ankabwera kudzamwa tiyi pa tebulo lodulira, ndipo munthu akatambasula dzanja kufuna kukhudza envulopu, iye ndiye ankayamba kukuwa: "Eee, musagwire! Achemwali angakudyeni wamoyo!"

Mwa mapatani onsewo, imodzi inali isanasokedwepo. Inali ya diresi la ukwati la makwinya pamapewa, mikono yaitali yothera pa nsonga, ndi timabatani khumi ndi tiwiri kumsana. Mayi Patani anaigula ali ndi pakati pa mwana wake wamkazi. Anaitsegula kamodzi kokha, kuwerenga zidutswa, zinakwana khumi ndi chimodzi, n'kuitseka. Mwanayo ali wamng'ono ankapempha kuona chithunzicho Lamlungu lililonse, ndipo amayi ake ankati, "Ili ndi lako. Upeze kaye mwamuna wosavuta."

Mwamuna wosavutayo anapezekadi, ukwati n'kuikidwa miyezi iwiri kutsogolo. Koma maso a Mayi Patani anali atachita ng'ala, moti ulusi unkakana kulowa pa singano ngakhale masana. Iye anati diresi la mwana wake sangalisoke mopapasa. Anavomera opaleshoni imene anaikana zaka zitatu, ndipo adokotala anamulamula kupuma masabata atatu osawerama. Anakakhala kwa mwana wakeyo. Kiyi wa kachipinda anasiyira mng'ono wake, nanga akanasiyira ndani?

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lobwerera anayenda mumsewu akumwetulira yekha, akuwerenga zikwangwani zimene ankaziyesa mabanga a utoto. Anatsegula chitseko, anagwada, anakoka sutikesi yoyamba. Inabwera mopepuka. Yachiwiri chimodzimodzi. Mu yachitatu munali kangaude yekha. Pa tebulo panali thumba lalikulu la pulasitiki, ndipo m'kati mwake munali mitolo ya mapepala opyapyala, yositidwa bwinobwino, yomangidwa ndi tizidutswa ta nsalu. Anamasula mtolo umodzi. Mikono yokhayokha. Wina, makolala okhaokha. Wina, masiketi. Envulopu panalibe ndi imodzi yomwe.

Wokonza mawotchi anasuzumira pakhomo akupukuta magalasi ake. "Mwabwera, mayi? Pitani mukaone shopu yatsopano ya mng'ono wanu pafupi ndi banki. Koma ndiye wakongoletsa!"

Shopuyo inali yowala, yonunkha utoto. Khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kudenga, linali mafelemu akuda a zithunzi, ndipo m'felemu iliyonse munali mkazi wa chiuno cha mavu. Maso atsopano aja, amene anawalipirira kuti asokere mwana wake, chinthu choyamba kuchiona bwino chinali chimenechi. Diresi la makwinya pamapewa linali pamwamba pa kauntala, pakati penipeni.

"Achemwali! Bwanji osanena kuti mukubwera lero?" anatero mng'ono wake, akumukumbatira. "Mwaona? Anthu akumaima panja kujambula."

"Tsitsa iyo," anatero Mayi Patani, akuloza ya pamwamba pa kauntala.

Mng'onoyo anakwera pampando, n'kuitsitsa. Mayi Patani anaitembenuza, anapinda timisomali, anachotsa katoni ya kumbuyo. Chithunzi chinalipo chokha. Envulopu inali itadulidwa mwaukhondo mbali zonse zinayi, ndipo iye anadziwa kuti ndi sizasi yake yomwe, chifukwa ina yodula choncho mumsewu monse munalibe.

"Kumbuyo kwake kuli kuti? Malangizo ali kuti?"

"Sizimakwana m'felemu, achemwali. Komanso kunali zolemba chabe. Zinapita ndi zinyalala za akalipentala."

"Zolemba chabe? Iwe ukunena zimenezo? Iwe?"

"Mapepala enieniwo sindinataye ndi limodzi lomwe. Ndakusitirani, ndakusanjirani, mikono payokha, makolala paokha, kuti musamavutike."

Apa mpamene mtima wa Mayi Patani unasweka. Akanachita zimenezi wakuba, akanalira n'kuiwala, chifukwa wakuba sadziwa. Koma uyu ankadziwa. Ankadziwa kuti mkono wopanda envulopu ndi mwana wotayika pamsika wosadziwa dzina la amayi ake. Anakhuthula maenvulopu onse pamulu umodzi chifukwa cha changu chotsegula shopu, ndipo ataona chimene wachita, anatenga simbi n'kusita mlanduwo kuti uoneke ngati chifundo.

"Ndinakulera ine," anatero Mayi Patani motsitsa mawu. "Ndipatse kiyi wanga."

"Aa, achemwali, ndi mapepalatu awa. Zaka zonsezi akhala pansi pa tebulo osaonedwa ndi munthu. Ndiye madzi akatayika saoleka, tingokhululukirana."

"Wawataya ndiwe, mwambi ukuunenanso ndiwe? Kiyi."

Masabata anayi otsatira, Mayi Patani sanalandire ntchito ya munthu. Anayala mikono pa tebulo, pansi, pa makina, pa zenera. Inalipo zana limodzi ndi makumi anayi ndi itatu. Ankasanthula mtundu wa pepala, kukula kwa timabowo, mizere ya mapindidwe akale imene simbi inaifafaniza. Lamulo lake lomwe, losalemba kanthu pa pepala lakale, linamutembenukira: panalibe kachizindikiro kake ngakhale kamodzi. Pa zidutswa khumi ndi chimodzi za diresi la ukwati lija, anapeza zinayi zimene anazikhulupirira, zitatu zokayikitsa. Anayesa kusoka pa nsalu yotchipa, phewa linakoka. Anayesanso ndi mkono wina, khwapa linatsina. Telala wina aliyense akanangoyang'ana chithunzi n'kudula ndi maso, ndipo anzake anamuuza zomwezo. Koma iye moyo wake wonse anakhulupirira pepala, ndipo sizasi ikafika pa nsalu yoyera yokwera mtengo ya diresilo, ankaibweza pa tebulo osadula.

Kutatsala masiku khumi, mwana wake anabwera n'kuima pakhomo, posowa popondapo.

"Amayi, musadzivutitsenso. Maso anu angawonongeke. Ndapeza diresi lobwereka, ndi labwino ndithu."

"Ndipatse masiku atatu okha."

"Munanenanso choncho sabata yatha, amayi. Sindikudandaula, ndithu."

Anaona kuti mwanayo akunama pofuna kumuteteza, ndipo zinamuwawa kuposa kutukwanidwa. Pa ukwati anakhala kutsogolo, akuyang'ana diresi la eni ake limene atsikana ena asanu anali atalivala kale, mpendero wake wopindidwa ndi manja a munthu wosasamala. Anthu anati mkwatibwi watchena. Mng'ono wake anavina kuposa onse.

Patapita sabata, Mayi Patani akumanganso mitolo ija, chitseko chinagogodwa. Anali mng'ono wake, atanyamula keke pa mbale, akumwetulira ngati palibe chinachitika.

"Achemwali, ndabwera ndi nkhani yabwino. Makasitomala sakufuna zovala zanga, akungoloza pakhoma. Pali mayi wina wandalama, mwana wake akukwatiwa. Akufuna lija la makwinya pamapewa, lenilenilo, ndipo sakunenerera mtengo. Ndamuuza kuti m'tauni muno alipo mmodzi yekha wolitha."

Mayi Patani anamuyang'ana ndi maso ake atsopano. Kenako anaika mtolo womaliza m'thumba, analimanga pakamwa, analinyamula, n'kumuikira m'manja pamwamba pa keke.

"Lili m'menemu," anatero. "Zidutswa khumi ndi chimodzi. Ukazipeza, ukayambe wauza mwana wanga."

Anamutulutsa, anatseka chitseko, n'kukhala pa makina. Pansi pa tebulo masutikesi atatu anali chitsegukire, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi atatu, analibe choti asungemo.